Dzina la Alto Molino

Don Saturnino Huanca ndinayamba kuwaona bwino tsiku lomwe ndinawapeza pakhomo la khonsolo, akuyendetsa chala pa mapepala omatidwa pakhoma ngati akuwerenga. Kwa zaka zambiri ankasoka nsapato kwathu ku Alto Molino, ine ndikungowadutsa. Mapepalawo anali malamulo aakulu amene tauni yathu inkadzilembera, oti tidzawavotere.

"Doña Basilia, inu munafika kusekondale," anatero. "Tandiwerengereni pamene atchula madera. Maso angawa amadziwa misomali yokha."

Ndinawerenga motsitsa mawu. Madera asanu ndi awiri. Alto Molino munalibe.

"Ndiye ife akumtunda ndife mbuzi?" anafunsa. "Dera losalembedwa silikhala ndi khansala, ndipo paipi ya madzi sikwera kumene kulibe khansala."

Khonsolo inaika tsiku lomvera anthu. Wolembetsa dzina ankapatsidwa mphindi zitatu, m'Chisipanishi. Don Saturnino akapsa mtima Chisipanishi chinkawathawa, n'kutsala chinenero cha makolo, Chiaimara. Sabata yonse ankabwera kwathu, iwo kunena, ine kulemba. Chimwalirire amuna anga palibe amene anali atandipemphapo kanthu. Ndinavomera kuti ndikawerenga ndine.

Tsikulo holo inadzaza. Mlembi anaitana: "Basilia Condori." Pepala linali m'manja, koma sindinaimirire. Anaitananso. Don Saturnino anandigunda ndi chigongono: "Ndinu amenewo, mayi." Ndinayang'ana pansi. Ataitana kachitatu, mlembi anati, "Palibe," n'kutchula wina. Don Saturnino anaimirira, chipewa m'manja, n'kuyamba kulankhula, koma anawauza kuti sanalembetse. Wina kumbuyo anaseka.

Malamulowo anadutsa pa voti opanda dzina lathu. Kuti asinthidwe, pankafunika kuti anthu ambiri asaine pempho. Don Saturnino anayamba kutseka kashopu kawo masana n'kumayenda khomo ndi khomo, chifuwa chikuwavuta kale. Ine ndinayamba kutsikira kumsika kudzera kuseri kwa manda, kuopa kukumana nawo. Amayi anzanga akamakwera phiri ndi zigubu za madzi, ndinkatseka zenera.

Don Saturnino kwathu anafika komaliza, kutatsala milungu itatu kuti amwalire. Ndinawapatsa mpando, anakana. Anaika pepala la pempholo patebulo, nandipatsa cholembera.

"Apa palibe zoimirira, Doña Basilia. Sainani muli chikhalire."