Chiliza Chofika M'mawondo

Amuna anga anamwalira fodya ali m'shedi, tisanamalize kusankha. Mabelo ndinamanga ndi ana, ndipo atagulitsidwa ku okushoni ndalama inabwera yooneka. Tinagwirizana ndi akuchimuna kuti gawo lina likhale lomangira chiliza pamanda.

Ku Wimbe kuli bambo wina wachisilamu wogulitsa simenti ndi malata. Nditakafunsa mtengo anandiuza kuti, "Mayi, lipiranitu lero, simenti mudzatenga tsiku lomanga. Kwacha ya lero si ya chaka chamawa. Ine ndalama sindigona nayo, ndimakaodera katundu."

Ndinakafotokozera alamu anga aakulu, amene ankayendetsa zonse za maliro. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Alamu, dothi la pamanda silinaume n'komwe, inu mwayamba kale bizinesi? Ndalama ya malemu sigwiridwa chaka chisanathe. Ipume kaye."

Ndinafunsa kuti, "Yatopa ndi chiyani?"

"Musatiphunzitse mwambo wa kwathu."

Anaimanga ndi lasitiki, kuiponya m'chitini cha mkaka, n'kutsekera m'sutikesi mwawo. Kunena zoona, sanabepo ngakhale tambala. Mwezi ukatha ankaitulutsa pamaso pa abale n'kulengeza kuti ili bwino. Ndalama ija inasamalidwa kuposa mmene tinasamalira mwini wake akudwala.

Ikupuma choncho, kwacha inagwa. Pa wailesi ankanena ndithu, koma alamu anati zimenezo n'za ndalama za kubanki, ya m'chitini sizikuikhudza.

Chaka chitatha tinapita ndi ngolo ziwiri kukatenga simenti. Wasitolo uja atalandira ndalama anati ngolo inayo ikhoza kumabwerera. Alamu anakalipa.

"Ndalamatu ndi yomwe ija, yosachotsapo! Onani, ngakhale lasitiki wake ndi yemweyo!"

"Ndikuona, bambo," anatero wasitolo. "Koma simentiyo sinali nawo m'chitinimo."

Mmisiri anayeza manda, kuyang'ana matumba, n'kuyezanso. Anati tisankhe, kumutu kapena kumiyendo. Tinasankha kumutu kuti dzina lilembedwe. Amuna anga anali aatali, ndiye chiliza chinathera m'mawondo.

Tsiku lotsegulira chilizacho alamu analankhula nthawi yaitali za kukhulupirika kwawo, anthu n'kuwaombera m'manja. Ine nthawi yolambula kumanda ikafika ndimanyamula khasu n'kukayambira kumapazi kwa amuna anga, poti n'kumene kumamera chisoso.