Zaka Zotaya

Telala wa pakhonde la sitolo ya nsapato uja anakwatiwa ndi munthu wophunzira, ndipo anzake ankamuchitira nsanje. Akanadziwa!

Amuna akewo anthu ankangowatchula kuti a Tidikire. Ankagwira ntchito m'chipinda chozizira ngati firiji, chodzaza makompyuta olira tsiku lonse. M'makompyutamo anapangamo nyanja yamchere yongoyerekeza, kuti aone momwe mitsinje ikuluikulu yoyenda mkati mwa nyanja, yonyamula madzi otentha ndi ozizira, imasinthira pa zaka mazanamazana. Telala analowa m'chipindamo kamodzi atawapititsira jekete. Anangoona mizere yofiira ndi yobiriwira ikugwedera pagalasi la kompyuta.

"Nyanja imeneyi ikamayamba imavunduka, mayi," anamufotokozera. "Zaka zoyambazo timataya. Timadikira ikhazikike kaye."

Mayi! Mayi wa yani?

Iye ankafuna mwana, basi. Akangoiyamba nkhaniyo, yankho linali lomwelo: nyanja ikhazikike kaye, mutu uli pa ntchito, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiye ankapita kukabayitsa jakisoni wolera, n'kubwerera kukasoka timadiresi ta ana a eni. Magetsi akawononga makompyuta, a Tidikire nyanja ija ankaiyambiranso. Akapeza kuti mchere anauchulutsa, kuyambiranso. Ikabwera kompyuta yatsopano, kuyambiranso! Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kulera madzi a pagalasi.

Apongozi ake aakazi ndiye pakamwa sankatsekapo. "Mwana wanga anakwatira chitsa," ankatero pamaso pa alendo. A Tidikire ali pomwepo duu, kupukuta magalasi awo, osanena ngakhale kamodzi kuti wokana mwana ndi iwowo. Chimenecho chinamuwawa kuposa zonse, ndipo mpaka lero sanawakhululukire.

Jakisoni anadzasiya yekha osauza munthu, koma zengerezu adalinda kwaukwau. Thupi linali litayamba kale kutentha ndi kutuluka thukuta popanda chifukwa, ndipo namwino anamuuza mosazungulira kuti nthawi yobereka inapita.

Tsiku lina masana a Tidikire anatulukira pakhonde paja akuthamanga, imvi zili mbuu, chipepala chachitali m'manja.

"Yakhazikika, mayi! Taonani mzerewu, wawongoka. Tsopano nkhani ya mwana ija tikhoza kuikamba."

Telala anachotsa phazi pa makina. Analandira pepalalo, n'kuliyala pathebulo, n'kuutsata mzerewo ndi chala kuchokera kumene unkavunduka mpaka kumene unagona.

"Mbali iyi ndi imene mumataya ija?"

"Eya, imeneyo ilibe ntchito."

"Mwana wanu anali m'menemo, bambo."

Anatenga sizasi n'kudula mbali yovundukayo, anaipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba la epuloni. Yowongokayo anawabwezera. Kenako anapondanso makina, poti mwini kadiresi kamene ankasokako anali akudikira pabenchi, khanda lili pamiyendo.