Buku Lonyowa la Aphunzitsi a Tikhala

Chiperoni chinafika Lolemba ndipo sichinachoke. Nyengo imeneyi zovala suyanika panja, machesi umasunga m'thumba la mkati, pepala umalibisa ngati mchere. A Rajab, oyendetsa thalakita yonyamula tiyi pa esiteti, zonsezi amazidziwa. Koma buku analiiwala pansi pa mpando wa thalakita tsiku lathunthu, mpaka linanyowa.

Bukulo silinali lawo. Anawabwereka a Tikhala, aphunzitsi a pasukulu ya pa esiteti. "Ndi la malemu achimwene anga," anatero aphunzitsiwo. "Loweruka ndikusamukira ku Mzimba. Libwere momwe lapitira."

Ndi buku la zithunzi, nkhani ya zaka zam'tsogolo: chombo choyenda pakati pa nyenyezi, ndi anthu obadwira momwemo. Chingerezi cha a Rajab ndi cha pa zikwangwani za pamsewu, choncho amawerenga nkhope. Pomwe pali nkhondo amangodumpha. Amene ankamutsatira ndi mayi wokonza mapaipi a madzi m'chombomo, wachipsera pachibwano, amene amagwira kapu ndi manja onse awiri monga ankachitira mayi awo. Chombo chafika pa dziko latsopano, anthu onse akutsika, iye waima pakhomo. Mapeji awiri otsatira ndi amene anamatana.

Lachitatu a Rajab sanakhazikike. Atuluke, alowe, atsegule bukulo, alitseke.

"Bweretsani ndilisite," anatero akazi awo a Jamilah.

"Ayi mayi, mumupsereza."

"Ndani? Mkazi wapapepalayo? Ine zaka khumi ndi ziwiri simunandidere nkhawa chonchi."

Lachinayi m'mawa a Rajab anapita nalo kufakitale, kuchipinda chomwe amafotetsera masamba a tiyi pa matebulo aatali a waya, mphepo ikuwomba kuchokera pansi. Miyezi yozizira tiyi amachepa, matebulo ambiri anali opanda kanthu. Kapitawo wa chipindacho, a Mabvuto, analiyang'ana bukulo.

"Achimwene, lero mwabweretsa makilo angati?"

"Musaseke, akulu. Ndi la eni ake."

A Mabvuto analiimika chotsegula pakona ya tebulo. "Mphepo yozizira yokha. Yotentha lipindika. Mubwere mawa."

"Mawa?"

"Tiyi timamudikira maola sikisitini. Mkazi wanuyu ndi ndani kuti afulumire?"

Tsikulo a Rajab anabwerako katatu. Kachitatu a Mabvuto anawabweza pakhomo.

Lachisanu, atachoka kumzikiti, a Rajab anafika ndi lezala yatsopano. Nkhungu inali idakali pa mizere ya tiyi wodulidwa. Anakhala pa benchi, buku pamaondo. Analowetsa lezala pakona ya mapeji omatana aja, pang'ono, n'kuima. Anapukuta manja pa thalauza n'kuyambanso. Pepala linalira pang'ono, kenaka linalola.

Palibe chinang'ambika. M'mphepete munangotsala banga la madzi.

Mayi uja sanatsike, sanabwererenso m'kati. Anakhala pakhomo pomwepo, wavula nsapato imodzi, phazi lili m'mwamba pang'ono pa dothi lachilendo.

"Ndiye watsika?" anafunsa a Mabvuto ali kumbuyo kwawo.

"Akuganiza kaye."

A Rajab anatseka bukulo. Analikulunga m'nyuzipepala, n'kuliika m'jumbo, jumboyo m'jumbo ina, n'kumanga pakamwa ndi chingwe cha thumba la feteleza. Analilowetsa m'kati mwa jekete, kuchifuwa, n'kutsetsereka wapansi kupita kusukulu.