Lole ya Bambo Inafera M'tchire

Fungo la dizilo pa Chitakale limandikumbutsa bambo anga, amene ankanyamula tiyi pa lole kupita kudoko ku Mozambique. Ulendo wina sanabwerere. Kunyumba kunafika mnzawo woyenda naye, chipewa chili m'manja.

"Alamu, lole inatifera m'tchire," anauza amayi. "Kulibe mudzi, kulibe galimoto yodutsa. Malungo anawagwira tikudikira makaniko, ndiye atisiya."

Amayi anadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira. Ine ndinkayesa akulirira loleyo.

"Amayi, musalire," ndinatero. "Abwana agula ina."

Anangondikumbatira, ndipo ndinapitiriza kumakawadikira bambo kumsewu.

Nditakula ndinadutsa msewu wa ku Mozambique womwewo pa basi. Tinayenda mtunda wautali osaona chipatala, ndipo m'pamene ndinawalira bambo anga.