Bambo wa mu Tenti Amene Ankathamanga Pamchenga

Iyayi, sikuti ndimadana nawo anthu othamanga pamsewuwo, iwe, ndimangolowa m'nyumba chifukwa ndikamva nsapato zawo mtima umandithawa. Lemba tsono, koma usakometse, ndipo usaikemo dzina la munthu. Wofuna kunena kuti agogo akupeka anene, ine ndinaona ndi maso angawa, Mulungu ndi mboni.

Inali nthawi ya makadi ija, yoti ngakhale mumsika sulowa wopanda kadi ya chipani, amayi ako ndili nawo kumbuyo. Kunabwera bambo wina wa m'tauni ndi akazi awo ndi tiana tiwiri pa kagalimoto, n'kumanga tenti pafupi ndi doko lathu kuno ku Liwaladzi. Ankati ndi aphunzitsi, abwera kutchuthi. Ife kuseka, munthu wa nyumba yamalata kusiya bedi kudzagona m'chinsalu? Koma mayiwo anali munthu wabwino, wolankhula mwa kumpoto, ndinkawapatsa chinangwa ndi usipa, iwo n'kundigawira sopo.

Tsono bambowo, kukangocha, anthu akutuluka mumzikiti, ankavala kabudula ndi nsapato zoyera n'kuyamba kuthamanga pamchenga mpaka pamgwalangwa wa kukamtsinje uko, kuugwira, n'kubwerera. Tsiku ndi tsiku. Akafika patenti, kuyang'ana wotchi, kulemba m'kabuku. Nanga kwathu kuno munthu wamkulu wandevu amathamanga popanda chomuthamangitsa? Wothamanga ndiye kuti waba, kapena wakumana ndi mvuu, kapena akukanena maliro. Ndinawafunsa mayiwo, iwo anaseka, akuti ndi adokotala anawauza amuna awo chifukwa cha matenda a shuga, ndipo sadumphitsa tsiku, ngakhale pa ukwati wa mchemwali wawo anayamba athamanga kaye. Pamenepo lemba bwinobwino: chifukwa chake ndinkachidziwa.

Koma pakamwa pangapa. Tsiku lina tikuviika chinangwa ndi amayi anzanga, ndinafuna kuwaseketsa. Ndinakwinya chitenje n'kumatsanzira kathamangidwe kawo, kenako n'kunena kuti kaya akuyeza poti zigawenga zidzakocheze bwato, nanga zolembalembazo n'zachiyani? Za shuga sindinatchule, nkhani ikanazizira. Onse anagwa nako kuseka, kupatula mmodzi, amene amuna ake anali a komiti ya chipani.

Patapita masiku awiri, m'mawa ndikutsuka mbale padoko, ndinangoona anyamata a chipani atulukira m'bango, akukuwa kuti bambowo aime. Bambowo anali atatsala pang'ono kufika pamgwalangwa, ndiye anangokweza dzanja n'kuloza wotchi, kuti dikirani kaye ndikagwire mtengo. Anyamata aja anati akuthawa. Anawagwetsera pansi, zibonga, mapondedwe, mchenga wonse magazi, nsapato imodzi kugwera m'madzi. Ine ndili chilili, mtunda ngati pano ndi pachitsime apo. Ndikanangonena kuti ndi odwala, kuti zija ndinkangocheza, kaya akanawasiya? Sindidziwa, chifukwa sindinayese. Ndinaopa kuti andifunsa kuti za chigawenga ndikuzidziwa bwanji, ndipo mwana ali kumbuyo akulira. Kabuku kaja anakakatenga mutenti, muli manambala okhaokha, iwo akuti ndi zizindikiro zachinsinsi. Galimoto ya boma itabwera kudzawatenga bambowo, mayi aja anathamangira ndi mankhwala a amuna awo, wina anawakankha, kabotolo n'kugwera pamchenga.

Mayiwo anakhala patentipo masabata awiri, poti galimoto sankadziwa kuyendetsa, ndiponso ankati amuna awo akawamasula adzawafuna pomwe anawasiya. Anthu onse ankawalambalala. Ine ndekha ndinkapita ndi chinangwa, osati chifukwa cha chifundo ayi, mantha a mumtima. Tsiku limene alamu awo anabwera kudzaphwasula tenti, mayiwo anandipatsa sefuliya yawo, akuti m'mudzi monse muno m'bale wawo ndinali ine. Ndi sefuliya ija ili pamwamba pa kabati, imene mumandifunsa kuti bwanji sindiphikira. Patapita miyezi tinamva kuti bambowo anamwalira kundende.

Mpaka lero, ndikadzuka m'mawa kusanatenthe, ndimamva mapazi pamchenga, kupita, osabwerera. Anzanga ena amati ndi mzimu wawo ukufuna kukagwira mgwalangwa. Ine sindikhulupirira zimenezo, munthu uja analibe mangawa ndi aliyense. Chimene chimathamanga ndi mawu anga aja, ndipo sadzaima mpaka ndikalowe m'manda. Inu amene mukuwerenga, mukaona munthu akuchita chachilendo ndipo chifukwa chake mukuchidziwa, nenani chifukwacho, musasankhe kuseketsa anthu.

Tiana tija pano tili ndi imvi. Mwina mmodzi awerenga, adziwe kuti bambo awo sankathawa munthu, ndipo abwere adzatenge sefuliya ya amayi awo, adzandione nkhope. Wamaliza? Usandiwerengere, ndingasinthe maganizo. Tumiza pompano.