Ng'ombe za Atate ndi Ndege za Tadala

Ndikukumbukira ngolo ya atate, anzanga, ngolo yolira gwede gwede, yokokedwa ndi ng'ombe zathu, Mawanga ndi Sabata. Ndinali kamtsikana kosatha ndi kusenza ndowa komwe. Tinapita kuchigayo ku Mitundu m'nyengo ya dzinja, ndi chimanga chomaliza cha m'nkhokwe. Amayi anatitsanzika kuti ufa umenewo ukanyowa, tidzadya maungu mpaka kukolola.

Chigayo chikulira, atate anapatukira kwa anzawo kukalawa masese. Kulawa kwake! Pobwerera anangokwera, chipewa kumaso, mutu pathumba la ufa wofunda, mkonono uwo. Ine zingwe sindizidziwa, njira sindiidziwa. Koma ng'ombe zinkayenda zokha, pamphambano kukhota zokha, pamatope kulambalala zokha, ine ndikungoimba, ufa ukununkhira, mabelu m'khosi ngoli ngoli.

Tinafika pakamtsinje kathu. Kwathu sikunagwe dontho, koma mvula inali itagwa kumapiri a Dzalanyama, madzi ofiira ali thoo, akukokolola mapesi. Ndinagwedeza atate, iwo anangoyankha kuti tiyeni, tiyeni. Mawanga anafika m'mphepete, ananunkhiza madzi, anapukusa mutu. Sabata naye nji! Osapita kutsogolo, osabwerera. Chitsa chachikulu chinadutsa pamaso pathu chikugubuduzika, ng'ombe zili phee, zikubzikula. Dzuwa litapendeka miyala inayamba kuoneka, ndipo zinawoloka zokha, pang'onopang'ono, ufa wouma, ine wouma.

Atate anadzukira pakhomo, n'kuuza amayi kuti kuyendetsa ngolo m'dzinja kumafuna munthu wamaso. Amayi anangowayang'ana atatewo, ufa uli mbuu tsaya lonse.

Lero ngolo zikutha, kwadzaza njinga zamoto. Koma mdzukulu wanga Tadala, mwana wa mwana wanga wa ku Nathenje, ndi mphunzitsi kuyunivesite kutsidya la nyanja. Akuti amafufuza za ndege zodziyendetsa zokha, zopanda munthu pachiwongolero, kuti zisamagwe. Ndinamufunsa pafoni ngati zimauluka ndithu.

"Kuuluka n'kosavuta, agogo," anatero. "Zaka zonsezi ndikuziphunzitsa kuona ngozi n'kukana."

Ndinaimba nthungululu mpaka nkhuku kubalalika. Mawanga ndi Sabata akwera kumwamba, anzanga! Tadala akuti tsiku lina adzandikweza. Ndavomera, nsalu ndasankha kale. Koma ine ndidzakhala maso njira yonse. Tulo ndinasiyira atate.