11 ndi 22

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera kwa mayi wina wa kwaya yathu, yemwe mlamu wake anali hedi pa sukulu ina yapulaiveti ku Mchengautuwa. Ahediwo anangondipatsa bokosi la choko ndi dasitala, n'kuti, "Kalabu ya masamu yafa chomene. Muidzutse."

Ndinaidzutsa ndi kawerengedwe kena ka manambala kotchedwa fii. Umatenga nambala, tinene 12, n'kuwerenga manambala ochepera iyo amene palibe chowagawa pamodzi ndi iyo kupatula 1. Ndi 1, 5, 7 ndi 11, anayi. Ndiye fii wa 12 ndi 4. Koma 5, 8 ndi 10 nawonso fii wawo ndi 4. Tinkalemba mayankho kumanzere kwa bolodi, eni ake, manambala otulutsa yankholo, kumanja. Mzere wa 14 unalibe mwini. Chimene chinasangalatsa ana ndi chakuti palibe amene anapezapo yankho lokhala ndi mwini mmodzi yekha, ngakhale sipanapezeke wotsimikiza kuti kulibe.

M'kalabumo munali mapasa a Fomu 3, Temwa ndi Tiwonge, mbalame za ana, olongolola ngati wailesi. Ataona kuti mzere wa 10 eni ake ndi awiri okha, 11 ndi 22, anadzigawira. Tiwonge anatenga 22 ati poti ndiye anayamba kubadwa. Tonse tinazolowera kuwaitana choncho.

Temu yachiwiri Tiwonge anadwala malungo, ndipo sabata isanathe tinakamuika.

Temwa atabwerera, ahedi anandikokera pambali. "Mwana uyu akufuna kusiya sukulu. Amakumverani, mumugwire." Ndinaganiza zoyamba mutu wina, koma mizere yathu inali idakali pabolodi. Ana ankakana kuti ifufutidwe. Temwa analowa, anaima, anayang'ana. Kenaka anatenga dasitala n'kufufuta 22, mzerewo n'kutsala ndi 11 yekha.

"Madamu, munati palibe anapezapo," anatero. "Ndi ili."

Ndinafuna kunena kuti masamu sayenda choncho, kuti 22 alipobe. Ndinangolira pamaso pa ana, choko chili m'manja. Iye anathokoza, "Yewo, madamu," n'kutuluka. Anapita kwa azakhali ake ku Nkhata Bay, ndipo sanabwerenso.

Zimandipwetekabe. Ndinaphunzira kuti mwana wofedwa safuna kukonzedwa ansala. Fii ndimaphunzitsabe, koma ndikafika pa mzere wa 10 ndimapereka choko kwa mwana kuti alembe iyeyo.